Tsiku Limene Achimfine Anayankhulanso

Kachulu, Zomba

Achemwali anga Alice,

Emma, mng'ono wanu amenenso ndi wanga, ndiye wandilakwira. Ndayamba ndi dzina lake ndisanakupatseni n'komwe moni kuti mudziwiretu kumene kalatayi ikulowera. Ndamva kuti iye anakuimbirani kale foni akulira, ndipo inu mwatumiza mawu kwa amayi akuti ine ndipepese. Werengani kaye, kenako muone ngati mawu amenewo mungawabwereze.

Tsopano moni. Muli bwanji ku Joniko? Alamu a Davie ali bwanji, msana uja unawasiya? Nanga ana akukula bwino? Kuno tilipo. Kwatentha zedi, nyanja yathawanso, moti mabwato akuima kutali ndipo anthu akuyenda m'matope kukachingamira nsomba. Amayi ali bwino, miyendo yokha ndiyo imawavuta kukamacha. A Lyson akuti ndikupatseni moni. Akudziwa kuti ndikulemba, akumva cholembera chikukanda pepala, koma sanafunse zimene ndikulemba ndipo ine sindinawauze.

Ndasankha pepala dala. Pafoni mumandidula mawu ndisanafike pakati. Kalatayi ibwera ndi a Hamisi, aja amanyamula matemba ouma kupita nawo kwanuko. Ndaikamonso kathumba ka ana.

Inu munachoka a Lyson asanabwere kudzakhala pakhomo pano, ndiye mumawadziwa mwapatali. Mukudziwa kuti saona kuyambira ali mwana ndiponso kuti amaphunzitsa ku pulayimale. Chimene simukudziwa bwino ndi mmene amagwirira ntchito. Zonse amachitira pa laputopu yoyankhula. Akadina batani, imawauza chimene adina. Akatsegula buku kapena uthenga, imawawerengera. Masikimu a zophunzitsa, mayeso a ana, makalata opita kwa ahedi, zonse zimadutsa m'makutu.

Mawu amene ankawawerengera ndi a pulogalamu yakalekale, imene anayamba nayo ali ku sekondale. Ndi mawu aamuna, ouma, otulukira m'mphuno ngati munthu wodwala chimfine. Ndine ndinawatcha Achimfine, ndipo dzinalo linakhazikika pakhomo ponse. A Lyson amawathamangitsa liwiro loti inu mungamve ngati mvula pa malata. Ine sinditolapo kanthu. Iwo amamva chilichonse, ngakhale pamene mwana waiwala mpumiro. Kwa zaka zonsezi akhala akuwaphunzitsa Achimfine katchulidwe ka mawu a Chichewa ndi mayina a ana a m'kalasi, limodzilimodzi, mpaka mayina achilomwe aja anayamba kutuluka bwino.

Mu Januwale, mvula ili pakati, laputopu yakale ija inafa. Inangozima basi, osadzukanso. Inu ndi alamu munatichitira chifundo n'kutitumizira yatsopano. Ndikuthokozanso, ndipo musaganize kuti ndikudandaula za mphatso yanu. Ndi yopepuka ngati mbale, batire lake limatha tsiku lonse, ndipo kasola kathu sikavutika nayo.

Vuto linali lakuti Achimfine anakana kulowamo. Tinawaika kuchokera pa fulashi, makina akuti zatheka, koma zii. Tinabwereza, zii. Laputopu yatsopanoyo inabwera ndi mawu akeake, a mkazi, okoma ngati a woulutsa nkhani pa wailesi, mpaka amapumira ngati munthu. Ine ndinati basi, a Lyson apeza zabwino kuposa zakale.

Anapirira naye masiku ochepa chabe. Ankati akamuthamangitsa amameza mawu, ndipo akadina batani amachedwa kuyankha, ngati munthu amene wamuitana koma akufuna atsirize kaye kutafuna. Pofika masana mutu unkawapweteka. Tsiku lina anangotseka laputopuyo n'kunena kuti mayi ameneyu sangagwire naye ntchito. Ndinaseka, ndipo mumtima ndinanyadira ndithu kuti mwamuna wanga wakana mkazi wa mawu okoma chotere.

Ndine ndinayenda nayo laputopuyo. Ndinakwera nayo minibasi nditaikumbatira ngati mwana, pakati pa madengu a nsomba. Ndinayamba ku Songani, kenako mutauni mu Zomba. Bambo wina wokonza makompyuta anaiona n'kundiuza kuti ubongo wa makina atsopanowa ndi wa mtundu wina, wa banja limodzi ndi wa mafoni, pamene pulogalamu yathuyo inalembedwa kuti iziyenda pa ubongo wakale. Anati zili ngati kufuna kumangirira injini ya boti pa njinga. Anati ndiiwale, a Lyson azolowere mayi uja.

Ndiye Achimfine ndinasanduka ine.

M'mawa ndisanapite kudambo ndinkawawerengera zoti akaphunzitse. Masana ndikabwerako ndinkawerenga makope a ana, iwo n'kumandiuza pochonga. Mauthenga a ahedi, zikalata za ku ofesi ya maphunziro, mayeso a pakati pa temu, zonse zinkadutsa pakamwa panga. Zilembo zawo zotupa zija amazidziwa, koma pepala lake ndi losowa ndipo mabuku atsopano sabwera m'zilembo zimenezo. Pakhosi pankauma mpaka ndinkayenda ndi mandimu m'thumba.

Koma sindinadane nazo, achemwali. Tinkakhala pakhonde, dzanja lawo lili pabondo langa, n'kumati bwereza pamenepo, Glo, wathamanga. Anthu opita kudoko ankationa. Azimayi aja ankandiseka kuti ndi satifiketi yanga yonseyi ndakwatiwa ndi munthu wondigwira paphewa ankadutsa atayang'ana kumbali. Ndinkadziwa chilichonse chochitika pa moyo wa mwamuna wanga, amene wawalembera, amene wawakhumudwitsa, mwana amene akulephera masamu. Ndi akazi angati anganene zimenezo?

Pakati pa zimenezi dzina langa linatuluka ku koleji ya aphunzitsi.

Inu mukudziwa bwino kuti pa mayeso a Fomu 4 mapointi anga anali abwino kuposa a Emma. Mukudziwanso kuti bambo atamwalira zinakambidwa kuti wopitiriza sukulu akhale mmodzi, ndipo anati Gloria ndiye akukwatiwa kale, apite wamng'onoyu. Sindinalire pamaso pa munthu. Ndinangoyamba kufunsira malo chaka ndi chaka, mwakachetechete, mpaka chaka chino ananditenga. Tinkayenera kukayamba Isitala ikangodutsa. Ndinagula mashiti atsopano ndi ndowa. Sutikesi inali itakhala kale pampando.

A Lyson anati pita, tiona chochita. Tiona bwanji? Mayeso a ana anali pafupi, ndipo ahedi anali atayamba kale kunena mozungulira kuti mwina aphunzitsi athuwa apumeko kalasi yaikulu, azithandiza zina ndi zina mu ofesi. Mukudziwa tanthauzo la zina ndi zina kwa munthu wosaona. Ndi mpando wa pakona. Ndinayang'ana mwamuna wanga, ndinayang'ana sutikesi, ndipo ndinatsala. Palibe anandimanga miyendo. Mashiti aja ndinawabwezera m'pepala lake.

Pa Isitala pomwepo Emma anabwera kutchuthi, ndi zikhadabo zake zopaka ndi Chizungu chake cha m'mphuno. Paja ku koleji kwakeko akuphunzira za makompyuta zomwezi. Anainyamula laputopuyo, anadinadina, anati mmm, anayang'ana amayi, n'kuiika pansi. Ndinamufunsa ngati pali chimene angachite. Anati aona. Tsiku limenelo sutikesi yanga inali pomwepo, ndipo iye anaikhalira n'kuikhalira pomanga nsapato.

Anabweranso mu Ogasiti, anzanga atatha kale temu yathunthu kukoleji.

Titangodya masana anafunsa kumene kunali laputopu yakufa ija. Ndinali nditaikulunga m'chitenje n'kuiika m'dengu pamwamba, chifukwa a Lyson sankafuna kuti itayidwe. Anaitembenuza chagada, anaitsegula pamimba ndi kasikuludiraiva kamene anabwera nako m'chikwama, n'kutulutsamo kachitsulo kosunga zinthu, momwe munali zonse zimene a Lyson anawaphunzitsa Achimfine. Anakalumikiza ndi chingwe ku yatsopano ija. Kenako anapempha foni yanga, bandulo yanga, kuti akokere kapulogalamu kena pa intaneti.

Ankafotokozera a Lyson, osati ine. Anati ubongo watsopanowo umatha kudziyerekeza kukhala wakale pakakona kena kake. Kapulogalamuko kamawakhazika Achimfine pakakonapo, n'kumawatengera mawu oti awerenge ndi kubweretsa zimene ayankhula, ngati womasulira wa kutchalitchi pamene kwabwera mlaliki wa ku Mozambique. Anati anakapanga ndi anthu osaona a maiko akunja, amene nawonso akukana kusiyana ndi mawu omwewo, ndipo amakagawa ulere.

Ndisanamalize kukwecha mphika wa mpunga, Achimfine anayankhula.

Achemwali, nkhope imene ndinaona tsiku limenelo sindinaionepo, ngakhale pa ukwati wathu. A Lyson anadina batani, Achimfine anayankha. Anadina lina, anayankhanso pompo. Anakweza liwiro mpaka mvula ija inayambanso pa malata. Anatsegula mayina a ana, onse anatuluka bwinobwino monga anawaphunzitsira. Misozi inayamba kutsika. Anafufuza manja a Emma, anawagwira onse awiri, n'kunena kuti: "Mlamu, wandibwezera maso."

Ine nditaima pakhomo ndi mphika m'manja, mwaye mpaka m'zigongono.

Wandibwezera maso. Nanga miyezi yonse ija ankayendera maso a ndani? Ine pakhosi pouma, ine wa minibasi ya nsomba, ine wosunga chitsulo chakufa m'chitenje changa chabwino. Emma anagwira ntchito ya masana amodzi, kwinaku akudya chinangwa, ndipo ndiye analandira misozi.

Nkhani inafala mpaka kudoko. Kutchalitchi anamuimika kutsogolo kuti achinyamata amuone. Ahedi anabwera okha pa njinga kudzamuthokoza, ndipo za mpando wa pakona sizinamvekenso. Azimayi omwe aja anayamba kundifunsa kuti kodi mng'ono wako wanzeru uja alipo. Ndinkayankha kuti alipo, akupenta zikhadabo.

Kenako chilamu chinakula. Emma kuwaitana a Lyson amunanga, iwo kumuitana mkazi wamng'ono. Ndikudziwa kuti ndi mwambo, inenso ndinkawaseka choncho alamu a Davie ndipo inu munkangoseka. Koma ine sindinalowepo m'chipinda chanu. Emma anaikonza laputopuyo kuti ikangoyaka, Achimfine azinena kuti mwadzuka bwanji amunanga. Pakhomo ponse anagwa nacho chiseko, amayi mpaka kupukuta misozi. Tsono ganizirani, m'mawa uliwonse, m'chipinda changa, ine ndisanatsegule n'komwe pakamwa, moni wa Emma wafika kale. Nditadandaula, amayi anati ndi chilamu chabe, usakhale ndi mtima wopapatiza.

Pakhonde paja panasintha. A Lyson amakhala ndi mahedifoni m'makutu, sikirini itazimitsidwa. Amati kuwala kumangodya batire ndipo iwo alibe nako ntchito. Ndi zoona, sindikutsutsa. Koma ndikadutsa kumbuyo kwawo ndimangoona nkhope yanga pagalasi lakuda. Nthawi zina amaseka okha. Ndikafunsa amati ndi gulu la aphunzitsi, wina walemba zoseketsa. Kale zoseketsazo ndinkayamba kuseka ndine, iwo n'kumandikoka chitenje kuti ndiwerenge msanga.

Tsiku lina ndinawapempha kuti achotse mahedifoni n'kuchepetsa liwiro kuti nanenso ndimve. Anachita. Inali nkhani ya ndandanda wa mayeso. Pa liwiro langalo iwo anayamba kuwodzera, ndipo ine ndinachita manyazi n'kupita kukatunga madzi.

Zonsezi ndikanazimeza. Ndine wa nsanje, ndikudziwa, koma nsanje yokha sikanandichititsa kutulutsa chikwama cha munthu panja. Mverani zimene zinachitika Lamulungu lija, chifukwa ndikukhulupirira kuti Emma pofotokoza anayambira pa chikwama.

Titaweruka kutchalitchi tinkadya kwa amayi, ndipo amalume analipo. Anayamba kumutamanda Emma, kuti mwana ameneyu ali ndi mutu wa azungu, zimene zinakanika amisiri a mutauni iye wazitha. Emma, pakamwa patadzaza mlamba, anati aa, malume, zosavuta izi, kapulogalamu kameneka kanatuluka chaka chatha, ine ndinangoona pa Isitala pomwe paja kuti chofunika n'chiyani.

Ndinaika chakudya pansi. Ndinamufunsa kuti Isitala yake iti.

Anasiya kutafuna. Anayang'ana amayi, mayang'anidwe omwe aja.

Amayi sanabise. Anati ndine ndinamuuza kuti adikire. Anati mkazi sasiya mwamuna wosaona n'kupita kukagona ku hositelo, anthu akanati banja lathu ndi lotani. Anati makinawo akanayankhula pa Isitala iwe ukananyamula sutikesi, ndiye ndinati ayambe akhala chete mpaka nthawi idutse. Ananena modekha, ngati akufotokoza za kubzala mpunga.

A Lyson sankadziwa kanthu. Zimenezo ndikuikira umboni. Anaimirira osasamba m'manja, anafufuza ndodo yawo, n'kutuluka okha. Amalume anawaitana, sanacheuke.

Ndikudziwa chimene munene. Munena kuti wolakwa ndi amayi, Emma anangomvera. Amayi ndi amayi. Sanalowepo pa geti ya koleji, ndipo amaganiza monga anaganizira amayi awo. Ndawakwiyira, koma ndikuwamvetsa. Emma ndiye ayi. Emma amadziwa fungo la laibulale. Amadziwa kuti kugona ku hositelo si uhule. Amadziwa kuti malo amene akukhalawo anayenera kukhala anga. Mwana amene amatsutsana ndi amayi pa chilichonse, kutalika kwa siketi, nthawi yobwerera kunyumba, tsitsi la mitundu, tsiku limenelo lokha ndiye anapeza ulemu? Akanandinong'oneza kuseri kwa bafa. Akananditumizira uthenga atakwera minibasi. Akanaikonza mwakachetechete n'kunena kuti yangodzuka yokha.

Anakhala chete, anandiona ndikubwezera mashiti m'pepala, anapita kukaphunzira. Chitseko cha koleji chitatsekeka ndiye anabwera ndi kasikuludiraiva kake kudzatola mathokozo.

Chikwama chake chinkakhala kwathu chifukwa cha sola, paja mafoni ake satha kugona ndi njala. Ndinachitulutsa n'kuchiika pakhonde, nsapato zinatsatira pambuyo, ndipo sizinatsatire mwaulemu. Anakuuzani kuti ndinamutcha njoka. Ndinamutchadi. Ndinanenanso zina zimene mwina anachita manyazi kukuuzani, ndipo palibe ngakhale limodzi limene ndikubweza. Anatola katundu wake n'kudutsa bwalo kupita kwa amayi. Kuthamangitsa munthu pakhomo la chikamwini n'kovuta, amangosamukira khomo loyang'anana nalo. Mpaka tchuthi chinatha ndinkamuona m'mawa uliwonse akutsuka mano.

Nkhani sinathere pamenepo.

Mwezi wathawu, m'mawa wa tsiku la sukulu, laputopu ija inadzipanga yokha zimene amati apudeti. Itayakanso, Achimfine kunalibe. Mayi wa pa wailesi uja anabwerera ndi kupumira kwake. Ndinali ndikusesa, ndipo nditamva mawu akewo tsache linaima lokha. Ndinaganiza kuti tsopano andiitana, anena kuti Glo, bwera udzandiwerengere.

Anati: "Glo, tamuimbire Emma."

Ndinawafunsa ngati akudziwa nyumba imene akunenera dzina limenelo. Anati akudziwa, ndipo nawonso sanamukhululukire, koma ana akuwadikira m'kalasi. Ndinaima pakati pa nyumba ndi tsache langa. Ndikanatha kukana. Ndikanatha kukhala pansi n'kuyamba kuwerenga ngati kale, ndipo akanandilola, chifukwa akanachitanso chiyani. Koma ndinaona mmene anagwirira laputopuyo, ngati munthu wogwira dzanja la wodwala, ndipo ndinadziwa kuti pakhonde paja sindingabwererepo mwa njira imeneyo.

Ndinamuimbira. Sindinamupatse moni. Ndinati Achimfine asiya kuyankhula, undiuze podina. Anayamba zoti achemwali pepani, ndakhala ndikufuna kuti tikambirane. Ndinati ndafunsa za mabatani.

Zinatitengera m'mawa wonse, mpaka a Lyson anatumiza mawu kusukulu kuti achedwa. Womasulira uja, kapulogalamu kamene anaika Emma, ndiye anali atatsalira m'mbuyo. Panafunika kumuchotsa, kukokera watsopano wogwirizana ndi apudetiyo, n'kumulozera pamene Achimfine amakhala. Netiweki inkathawa, ine n'kumaima pachulu ndi foni m'mwamba. Emma ankathamanga dala pofotokoza, kapena mwina ndi mmene amayankhulira, ine n'kumamubweza mpaka anene m'Chichewa chomveka. Ndinalakwitsa, ndinabwereza. Kenako ndinadina komaliza, ndipo chimfine chija chinamveka m'nyumba.

Mukudziwa chimene mlamu wanu anachita? Anakuwira ku foni kuti zikomo mlamu. Zala zinali zanga, thukuta langa, chulu ndinakwera ndine. Ndinadula foniyo iye asanayankhe.

Atabwerako kusukulu ndinawalanda laputopuyo. Ndinachotsanso womasulira uja dala, ndekha, n'kumubwezeretsa. Ndinachotsanso, n'kubwezeretsanso, mpaka manja anazolowera. A Lyson anali pampando, akutuluka thukuta, ngati munthu amene mwana wake ali kwa dokotala wa mano. Ndinafufuzanso pamene panabisala moni wa amunanga uja. Ndinaupeza. Kulibenso.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinawafunsa mosapita m'mbali kuti kodi ine tsopano ndine ndani m'nyumba muno. Wophika? Wochapa? Owerenga alipo, wokonza owerengawo aliponso, nanga Gloria ntchito yake n'chiyani?

Anachotsa mahedifoni onse awiri, zimene sachita kawirikawiri, n'kuwaika patebulo.

Anati: "Pamene ndinkakufunsira, Achimfine anali moyo. Sindinkasowa wondiwerengera, Glo. Ndinkasowa iwe. Miyezi ija unkandiwerengera iwe unkasangalala, ndinkamva m'mawu ako. Koma ine ndinkagona ndi mantha, kuti ndasanduka katundu wako, ndipo tsiku lina udzatopa n'kundisenza."

Ine ndinangoti mukufuna ndipite kukoleji kuti mutsale ndi mkazi wanu wamng'ono. Anati ngati nthabwala imeneyo imandipweteka, yatha lero. Ndipo yathadi, sindinaimvenso. Anatinso malo anga anatayika chifukwa cha iwo, ngakhale sanadziwe, ndipo sadzakhala ndi mtendere mpaka nditalowa pa geti ija.

Ndafunsiranso malo. Tinalemba limodzi, ine ndikunena, iwo akutayipa, Achimfine akubwebweta pakati pathu. Mayina adzatuluka chaka chamawa. Mwina adzanditenganso, mwina adzati uyu tinamupatsa anakana. Ngakhale anditenge, Emma adzavala gauni ine ndikuphunzira kumene njira ya ku dainingi. Chaka chimenechi palibe adzandibwezere. Ndikamuganizira atavala gauniyo, amayi akululutira, chakudya chimandikanika. Sindikunamizani kuti ndapola.

Tsono pempho langa ndi ili, poti ndinu wamkulu ndipo amayi amamva inu.

Muwauze amayi kuti dzina langa likatuluka ndikupita. Akadzayesanso kutseka njira, kaya ndi mawu, kaya ndi kudwala kwadzidzidzi, kaya ndi kutuma amalume, ine ndi a Lyson tidzasamukira ku nyumba ya aphunzitsi kusukulu. Ahedi anatiuza kale kuti ilipo. Ndikudziwa kuti mwana wamkazi kuchotsa mwamuna pakhomo la amayi ake n'chinthu chochititsa manyazi kuno. Sindikufuna kuwachititsa manyaziwo. Koma muwauze kuti si nthabwala, ndipo mawu amenewa anayamba kunena ndi mkamwini wawo, osati ine.

Mumuuzenso Emma kuti ine kulibe, phazi lake lisaponde pakhonde langa. Achimfine akadzakhalanso chete, a Lyson adzaimbira ine. Ndikhoza kuuza mphunzitsi mnzawo podina ndili kukoleji komweko. Akakanika, ndidzakwera minibasi Loweruka. Ntchito imeneyo tsopano ili ndi mwini wake.

Ndipo musandipemphenso kuti ndipepese. Pa maliro ndidzakhala naye mphasa imodzi. Akadzadwala ndidzamuphikira phala. Ndi mwana wa amayi anga, zimenezo sindingafufute. Koma pepani wochokera kwa ine asamudikire.

Dzana Emma anatumiza uthenga wautali kwa a Lyson, woti andiwerengere. Taonani nzeru zake, kupepesa kwa ine kudutsira kwa mwamuna wanga. Iwo anaumva kaye okha pa liwiro lawo lija, kenako anandifunsa ngati achepetse kuti nanenso ndimve. Ndinati ayi. Ngati ali ndi mawu, akudziwa pamene pali chitseko changa, adzaime panja, ndidzatuluka. Anatseka laputopuyo, ndipo tinadya.

Mundiperekere moni kwa alamu a Davie, muwauze kuti mphatso yawo ikugwira ntchito tsiku lililonse. Ana muwapsompsone, ndipo matembawo musawasungire alendo, ndatumizira anawo. A Hamisi akamabwerera mundipatsireko mafuta odzola aja ngati alipo. Mulungu akusungeni kudziko la eni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo atibweretse pamodzi tili amoyo.

Mukadzaimba foni tidzakambe za ana, za mvula, za miyendo ya amayi. Nkhani iyi ndainena yonse pano, ndipo sindidzainenanso, kwa inu kapena kwa wina aliyense.

Ndine mng'ono wanu,
Gloria